Nsapato za Mtsikana wa Pansanjika Yachitatu

Pakhomo la nyumba yathu yosanja mumzinda wa Karabük, ku Turkey, pamakhala bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito yosungunula zitsulo kwa zaka makumi atatu. Belu la kufakitale likamalira m'mawa, limawapeza ali kale pampando wawo, tiyi ali m'manja, akuwerenga amene akupita kuntchito. Amakonda kunena kuti, "Wantchito amadziwika ndi nsapato. Zikayera, mwini wake ndi lova."

Nsapato za Nergis, mtsikana wa pansanjika yachitatu, zinakhala pakhomo pake milungu itatu zili mbee. Bambowo anaganiza kuti mwanayo anachotsedwa ntchito ndipo akubisala ndi manyazi. Tsiku lina anavala jekete lawo la paukwati n'kukagogoda.

"Mwanangu, vala tizipita. Ndalankhula ndi kapitawo wa kufakitale, pali ntchito kosungira katundu."

"Amalume, ndili pantchito," ananong'ona Nergis, akuloza kompyuta. "Abwana ndi awo akuoneka apowo, ali kutali mumzinda wa İzmir. Lero anena ngati ndipitirize kapena ayi."

Bambowo anamanga mabatani a jekete, monga amachitira pamaso pa akuluakulu, n'kuweramira pakompyutapo.

"Bwana, ine ndimawerenga aliyense wotuluka muno. Uyu milungu itatu sanachokepo pamakina ake. Kwathu munthu wotere tinkamukweza."

Abwanawo anaseka mpaka kuvula magalasi, ndipo anauza Nergis kuti apitirize ntchito.

Masiku ano belu la masana likalira, bambowo amakwera masitepe pang'onopang'ono n'kugogoda.

"Weruka pang'ono, mwanangu. Kayende mpaka pangodya apo, nsapatozi zikadeko. Anthu angamati tikusunga lova muno."