Mwana wangayu ndi mbuli, mumulembere kalata

Loweruka lapitali ndinali pakhonde kwathu ku Chinyonga, ndikuchonga makope a ana asukulu, pomwe anatulukira a Alufandika, telala amene amasokera pakhonde la sitolo ku Limbe. Pambuyo pawo panali mwana wawo Esinati, yemwe ndinamuphunzitsa sayansi ku sekondale. Mtsikanayu akufuna malo ku koleji ya unamwino, ndipo kumeneko salandira munthu wopanda kalata ya umboni yochokera kwa mphunzitsi wake.

Titalonjerana n'kufunsana za mvula ya kwawo ku Nsanje, bamboyo anakhosomola n'kuyamba.

"Aphunzitsi, mwana wathuyu palibe chimene amadziwa. Ndi mbuli ndithu, waulesinso. Mayeso aja anangokhoza mwamwayi. Inu mungomuchitira chifundo, mulembeko timawu tiwiri."

Esinati ali pamkeka, maso pansi, ngati bamboyo akunena wina.

Abale inu! Mtsikana amene ankasiya anyamata onse m'mbuyo m'kalasi mwanga, ameneyo mbuli? Zinandiwawa, koma ndinati dikirani ndiwaseleule pang'ono. Ndinatulutsa makina anga otaipira makalata n'kulowetsamo pepala.

"Chabwino bambo, ndilemba monga mwaneneramu. Mbuli, waulesi, wokhoza mwamwayi. Mboni ndi bambo wake."

Ndisanagogode n'komwe, a Alufandika nyamu!

"Iyayi aphunzitsi, taimani! Mwana wanga waulesi? Mayi ake atagonekedwa kuchipatala, ankawasambitsa ndi kuwamwetsa mankhwala ndani? Uyu! Singano ya makina itandiboola chala, anatsuka bala ndani? Ngakhale manesi anadabwa kuti wamanga ndani bwino chonchi. Mwana uyu mutu wake umagwira, ine ndimanyada naye!"

Apo Esinati anadzutsa mutu, misozi ili lengelenge. "Ababa, zimenezi simunandiuzepo."

Bamboyo anangokanda m'mutu. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo kunena zoona ndinasangalala kwambiri.

Koma tiyeni tifunsane, anzanga. N'chifukwa chiyani timatero? A Alufandika si oyamba. Makolo ambiri obwera kudzapempha kalata amayamba n'kumupondereza mwana, ati ndiwo ulemu. Ena amaopa kuoneka odzitama, ena amaopa nsanje ya anansi, kuti ukamuyamika mwana pagulu wamuika pamphepo. Mwanayo naye amaphunzira kuti munthu wamakhalidwe amakhala chete, ngakhale tsogolo lake likukambidwa pamaso pake.

Nanga akuluakulu a ku koleji aja akumudziwa Esinati? Sanamuonepo. Iwo amawerenga zimene zili papepala basi. Mphunzitsi akakhala wachilendo, kapena wotanganidwa, adzalemba timawu tiwiri tomwe mwapemphato, malo n'kupita kwa wina. Paja mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Ulemu sindikuutaya ayi. Gogodani, khalani pansi, funsani za moyo. Koma mukafika pa nkhani, muuzeni mphunzitsiyo zimene mwanayo amatha, makamaka zapakhomo zimene ife kusukulu sitiziona.

Kalata ndinailemba tsiku lomwelo, ndipo chiganizo chokoma koposa ndinachitenga pakamwa pa bamboyo. Lolemba Esinati anakaiponya ku positi ofesi, khadi la chipani lili m'manja kuopa kubwezedwa panjira ndi anyamata a chipani ofunsa makadi. Anadutsa pasukulu kudzandiuza, akuyenda mutu uli m'mwamba.

Tsono inu amene mukuwerenganu, mwana wanu anamvapo pakamwa panu kuti mumanyada naye, kapena mukufuna adzazimve kwa alendo?