Mabuku a Zisudzo a Amalume

Bukulo linali lachikuto chobiriwira, lolemera ngati njerwa, ndipo masamba ake anali atafufuma ndi chinyontho cha ku Mzuzu. Ukalitsegula linkanunkha chuku. Linkafotokoza mbiri ya zisudzo za m'mayiko akutali, kuyambira kale anthu akusewera pabwalo lamiyala atavala zigoba kumaso. Amalume anali ndi mabuku otere asanu, ena okamba za moyo wa anthu amene anakalambira pansanja ya zisudzo. Ankawasunga m'sutukesi pansi pa bedi, osati pashelefu.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo atamwalira, ine ndi amayi tinachoka ku Zomba kukakhala ndi amalume ku Katoto, mumzinda wa Mzuzu. Tinafika nyengo yozizira itangoyamba. Chifunga chinkakhala mpaka dzuwa litakwera, kamvula kowaza sikankatha, ndipo yunifolomu yanga ndinkaivala isanaumitsitse.

Amalume ankaphunzitsa Chingerezi ku sekondale. Akaweruka ankakhala pakhonde atavala juzi yobooka pachigongono, buku pamwendo, kope pambali. M'kopemo ankalemba za ochita zisudzo a kwathu kuno, aja ankayenda pa lole n'kumasewera m'misika ndi m'mabwalo a sukulu. Ankafuna kuti lidzakhale buku. “Azungu analemba za anthu awo,” ankatero. “Athuwa akamwalira, mayina awo akwiriridwa nawo.”

Amayi sankakondwa nazo. “Achimwene, masiku ano si olemba zinthu,” ankanena motsitsa mawu. Amalume ankangoseka.

Kusukulu ndinalibe mnzanga. Panthawi yopuma anzanga ankacheza m'Chitumbuka, ine ndili chiimire pakhoma, ndipo ndikayesa kunena “yewo chomene” ankabwereza mondigeza. Choncho ndikaweruka ndinkathamangira pakhonde paja. Amalume ankandimasulira nkhani za m'mabukumo, ndipo sankangowerenga ayi. Ankadzuka, kusintha mawu, kupinda msana. Imene ndinkaikonda kwambiri inali ya wosewera wina amene ankatsanzira mfumu yokalamba ya dziko lakwawo. Anthu akuiimbira nyimbo zoitamanda, mfumuyo inkasinza, kenako n'kudzidzimuka n'kufunsa kuti, “Ayamba kale kundiimbira?” Ndinkaseka mpaka kutsokomola.

Lero ndimadzifunsa chifukwa chimene munthu wophunzira chotero sanandiuze kuti zimenezi zithere pakhonde pomwepo. Mwina ankaona kuti kuchenjeza mwana n'kumuphunzitsa mantha. Mwina anangoiwala kuti mwana wosungulumwa amagwiritsa ntchito chilichonse chimene ali nacho.

Lachisanu lina aphunzitsi anati aliyense anene nthano imene anamva kunyumba. Nthawi yanga itakwana ndinatenga tsache la m'kalasi m'manja, ndinapinda msana, ndinayenda pang'onopang'ono, n'kukhala pampando ndikusinza. Kenako ndinadzidzimuka n'kufunsa funso lija. Kalasi yonse inaphulika ndi phwete. Ena ankamenya madesiki. Kwa nthawi yoyamba chifikireni ku Mzuzu, anzanga ankaseka nane, osati kundiseka.

Aphunzitsi okha sanaseke. Anayang'ana pazenera, anayang'ana mnyamata wina amene bambo ake anali wapampando wa chipani m'dera lathu, kenako anandifunsa, “Wazimva kuti zimenezi?”

“M'mabuku a amalume,” ndinayankha monyada.

Anatseka maso kanthawi. Choko chinawathyokera m'manja. Kwa zaka zambiri ndinkawada aphunzitsi aja poti ndiwo anakatinenera. Tsopano ndikudziwa kuti akadakhala chete, nkhaniyo ikadafikabe kumene inafika, ndipo galimoto ya apolisi ikadayamba kuima pakhomo pawo.

Apolisiwo anabwera Lolemba masana, amayi akuanika zovala zimene sizikadauma. Anali amuna awiri ovala majekete, pa Landirova yotuwa. Anapereka moni mwaulemu, “Monile mama,” n'kupempha kuona mabuku. Amalume anatulutsa awiri a galamala amene anali pashelefu. Mmodzi wa amuna aja anagwada kuti alingane nane, akununkha fodya, n'kunena kuti wamva kuti ndimasewera bwino. Anafunsa ngati buku la mfumu lija linali limodzi mwa amenewo.

Ndinati ayi, lili m'sutukesi. Ndinakaikoka ndekha pansi pa bedi.

Ndimakumbukira phokoso la sutukesiyo ikukhwekhwerezeka pasimenti. Ndimakumbukira amayi ataima pakhomo, malaya onyowa ali m'manja, madzi akudonthera kumapazi kwawo. Amuna aja anatenga mabuku onse asanu. Kope silinali momwemo, linali m'thumba la juzi imene inali pa msomali. Madzulo ake amayi analing'amba tsamba limodzilimodzi n'kumaponya pambaula. Mayina a anthu onse aja, misika imene anaseweramo, nthabwala zawo, zonse zinatha madzi osamba asanafunde.

Sabata isanathe akuluakulu a sukulu anatiuza kuti tichoke m'nyumba ya sukulu. Anthu oyandikana nafe, amene ankabwera kudzapempha mchere, ankatiyang'anira kuseri kwa makatani. Tinakapeza kachipinda ku Chibanja, ndipo amayi anayamba kugulitsa mandasi pafupi ndi depoti. Kusukulu palibe anakhalanso nane desiki imodzi. Amalume anatuluka m'ndende patapita zaka zinayi, mano akutsogolo atatha, maso osaonanso bwino. Sanaphunzitsenso, sanalembenso, ndipo mpaka kumwalira kwawo sindinawaone akutsanzira munthu. Amayi sanandimenye, sanandikalipire, sanaitchulepo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Bola akadandimenya.

Koma masana a Lolemba lija zonsezi zinali zisanachitike. Amalume akukwera Landirova anatembenuka, anandiitana, n'kundigwira paphewa. 

“Ndamva kuti kalasi yonse inaseka,” anatero mokweza, kuti amuna aja amve. “Ndine ndinakuphunzitsa, ndine ndinakutuma. Wamva? Unachita bwino, mwana wa mlongo wanga.”

Sanandiuzepo kuti ndikasewere kusukulu, ndipo ndinatsala pang'ono kuwakonza. Koma mawu akuti ndinachita bwino anandikomera kwambiri moti ndinangomwetulira. Galimoto ikunyamuka ndinaithamangira mpaka pamphambano, ndikubayibitsa ndi manja onse awiri, n'kubwerera kunyumba ndikudumphadumpha, kukafunsa amayi ngati amalume abwerako msanga kuti adzandiphunzitse sewero lina.