Ndege Sitera Popanda Victorino

Muphwa wanga Victorino anabadwira ku Malawi pothawa nkhondo. Tinabwerera naye kuno ali kumsana, mutu ngati dzungu, moti mlongo wanga anayenda chopendekera njira yonse. Wakula akulima mbatatesi, munthu wofatsa, wosadziwa kunama. Chimene chinamugwetsa n'choonadi chomwecho.

Kunabwera empereza ina, kampani yokhala ndi kandege kamodzi, konga chiwala chonenepa, konyamula anamwino ndi mankhwala kupita kumpoto kumene msewu umathera m'matope. Kankateranso kwathu kuno pa Ulongwe. Anamulemba ntchito Victorino n'kumupatsa kolete, malaya opanda manja aja, wachikasu, wowala moti atambala ankalira poyesa kwacha. Ntchito yake inali kuthamangitsa mbuzi pabwalo ndege isanatere.

Titapita ku Fonte Boa kukafunsira Bernadete, ine nkhoswe, amayi a mtsikanayo, a Joaquina, anafunsa ntchito ya mnyamatayo. Mkamwini sayankha apongozi pamaso, choncho anandinong'oneza, ine n'kupereka mawu momwe analili: "Akuti ndege ija sitera popanda iye."

Pofika Lamulungu, tchalitchi chonse chinali chitamva kuti Bernadete akukwatiwa ndi piloto, woyendetsa ndege.

"Malume, akadziwa andilanda mkazi," anatero Victorino. Anaonda mpaka kolete ankaoneka ngati wayanikidwa pamtengo.

Tsiku lina a Joaquina anavala chitenje chatsopano, n'kutenga anzawo awiri a kwaya kuti akaone mkamwini akutsika kumwamba. Ataona bwalo losalala anayesa msewu, n'kudutsa pakati penipeni. Uko Victorino akubwera liwiro, ndodo m'manja, pambuyo pa tonde. Anakumana maso ndi maso.

Mwambo ndi mwambo. Victorino anatembenuka n'kunjuta pomwepo. Apongozi nawo ananjuta, chitenje kumaso. Akwaya, poona choncho, ananjutanso. Adzuke woyamba ndani? Tonde anaima pakati pawo akubzikula, ndege ikuzungulira pamwamba ngati kabawi, mpaka okwera ake anamera ndevu.

Mkulu wa pabwalo anakuwa: "Victorino! Chotsa mbuziyo ndi amayiwo!"

Kupirikitsa apongozi ngati chiweto? Kuwalankhula? Nkhoswe inali kutali. Mnyamata, thukuta kamukamu, anayang'ana mbuzi ija.

"Tonde iwe, tawauza amayi kuti ndege ikupempha njira."

A Joaquina nawo anayang'ana mbuzi. "Uwauze kuti tamva. Uwafunsenso ngati iyi ndiyo ndege amayendetsayo."

Akwaya anaseka mpaka wina anagwa chagada. Ndege inatera, n'kutulukamo piloto weniweni, mayi wamfupi akudya nthochi. Victorino anakoka tonde ndi nyanga osacheuka.

M'mawa mwake a Joaquina anandiitanitsa ku Fonte Boa. Ndinakwera njinga n'kupita.

"A Chakondwa," anatero a Joaquina, maso ali pa mphasa, "mwanayo sananame, ndaona ndekha kuti sitera popanda iye. Wonama ndine, amene ndinalengeza. Bernadete akuti akumufunabe. Koma kutchalitchi mukanene ndinu, ine pakamwa pandilemera."

Ndinakanenadi, anthu akubisa nkhope m'mabuku a nyimbo.

Ukwati unachitika. Victorino akugwirabe ntchito ija, ndipo palibe mbuzi inagundidwapo. Kungoti kolete amamupinda m'thumba, n'kukavalira pabwalo pomwepo, chifukwa akadutsa pamsika atavala, amayi ogulitsa nyemba amayamba kulira mee. A Joaquina anasiya kwaya. Amakhala benchi lakumbuyo, ndipo ndege ikadutsa pamwamba amawerama ngati akusaka singano.