Golide wa Anastazia

Mukatsika minibasi pa Kamwendo, musavutike kufunsa kuti Anastazia ndi uti. Mudzamumva. Amakhala kuseri kwa kabenchi kodzaza mphete, ndolo ndi matcheni, pakamwa pali yaviyavi. Sukulu anailekezera Sitandade 5, koma bodza lokha ndiye anafika nalo ku koleji.

Katundu wakeyo amakapikula ku Chipata, ndipo amalumbira mpaka kuloza kumwamba kuti ndi golide weniweni. Golide wake uti! Ndi mkuwa wopaka utoto. Ukakumana ndi thukuta, sopo kapena mafuta odzola, utotowo umasupuka, chala n'kubiriwira ngati munthu wachokera kothyola fodya.

Wogula akabwera kudzadandaula, Anastazia amachitembenuza chalacho uku akupukusa mutu. “Golide sanama, asisi. Amathimbirira pathupi pa munthu woyendayenda.” Ndani angapitirize mlandu wotere pamsika? Malita wa ku Chiosya anayesa, mwamuna wake ali pomwepo ndi njinga yake ya kabaza. Banja linathera pomwepo.

Tsono Anastazia ali ndi mwana mmodzi yekha, Natasha, mtsikana waulemu moti anthu amakayika ngati anabadwadi m'nyumba imeneyo. Anapeza mwamuna, mphunzitsi dzina lake Lovemore. Pofuna kusangalatsa apongozi, mnyamatayo anagula mphete ya chinkhoswe pabenchi pomwepo, ndipo mayi waumbomboyo anamukulungira m'kapepala osaphethira n'komwe. Sanadziwe kuti Lovemore ndi mlongo wake wa Malita.

Chinkhoswe chitatha, Natasha anapita kukacheza kwa apongozi ake. Unali Okutobala, dzuwa lili ng'aa, iye n'kumatsuka miphika ndi kuchapa, mphete ili kuchala. Chala chija biriwiri!

Tsiku la msika Malita anatulukira atamugwira mtsikanayo pamkono, Lovemore ndi amalume ake ali pambuyo.

“Mayi a Natasha, tatiwerengereniko chala ichi. Paja inu ndinu dokotala wa zala.”

“Iwe Malita, usandiyambe. Ndili pa ntchito.”

“Ntchito yake yomweyo yopasula mabanja? Ine munandiweruza anthu akumva. Muweruzeninso wanuyu.”

“Amama, auzeni!” Natasha analira. “Nenani kuti ndi mpheteyi!”

Anastazia ankadziwa zonse. Kubiriwirako kumachoka ndi sopo. Ukapaka kyutekisi wopanda mtundu, uja wopaka zikhadabo, mkati mwa mphete, n'kumaivula pochapa ndi podzola mafuta, khungu silisintha. Ndolo za m'makutu mwakezo anazipaka yekha. Akanangoyasamula, ukwati wa mwana wake ukanapulumuka.

Koma anayang'ana uku ndi uku. Amayi a tomato, a kaunjika, a mandasi, onse anali atasiya malonda awo, ndipo theka la iwo linavala golide wake yemweyo.

“Katundu wanga alibe vuto,” anatero. “Kaya mwanayu watengera bambo ake, ine sindidziwa.”

Amalume a Lovemore, bambo wosachedwa kupsa mtima, anangoti, “Mwamva nokha, mayi wake wanena.” Lovemore anaweramitsa mutu ngati si munthu wophunzitsa ana sayansi. Natasha anavula mphete ija, n'kuiika pabenchi, n'kukwera kabaza wopita ku Kapondo kwa azakhali ake. Mpaka lero sanapondeko kwa mayi ake.

Mphete ija? Anastazia anaipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kuibwezera pamzere. Msika usanathe anali ataigulitsa kwa mnyamata wina wofuna kufunsira.