Kamakina ka Fumbi Kamene Ndinakulunga m'Pulasitiki

Wofuna kunena kuti ndikunama anene, koma izi zinandichitikira ine, ndipo amene tinkamanga nawo nyumba zosanja ku Kalingalinga akalipo, kupatula mmodzi.

Nditasiya sukulu mu giredi seveni ndinalowa ntchito yodula konkire ndi galainda, ndipo amene anandiphunzitsa anali ba mdala ena a ku Mtendere, munthu woseka, amene ankanditchula mwana wawo ngakhale ndinali wamtima wapachala. Masiku abwino amenewo! Masana tinkakhala pa mabuloko n'kumagawana buledi ndi mkaka, iwo n'kumati mkaka umatsuka fumbi m'chifuwa, ndipo tonse tinkakhulupirira. Ndani akanatsutsa munthu amene anayamba kuphwanya miyala ife tisanabadwe?

Kenako ba kapitao anabweretsa timakina tating'ono ngati bokosi la machesi, tokoleka pa kolala. Anati kakalira ndiye kuti fumbi lachuluka, tizimitse galainda, tithire madzi, tituluke panja.

Tsiku lina tinkasema khoma m'kachipinda kopanda windo, timakina n'kumangolira osapuma. Ine mtima unakwera. Ndinavula kanga, ndinavulanso ka ba mdala, n'kukulunga tonse m'pulasitiki ya buledi. Iwo anangoseka, amvekere ukali wanga udzandikalambitsa msanga.

Tinadula mpaka dzuwa pamutu, fumbi lili tolo, osaonana nkhope. Nditazimitsa galainda ndinamva kulira kuja, kochepa ngati wezulo, ndipo ndinatola hamala kuti ndiphwanyiretu timakina tija. Koma pulasitiki inali zii. Chimene chinkalira chinali chifuwa cha ba mdala, atakhala pansi, atayera ngati thumba la simenti, maso ali pa ine. Ndipo mukudziwa chimene ndinachita, ine chitsiru? Ndinathamangira mkaka.

Kuchipatala anati fumbi la zaka zambiri linauma m'mapapo, ndipo mkaka umapita m'mimba basi. Ba mdala sanabwerenso pa ntchito, anamwalira mvula itangoyamba. Za pulasitiki ija sanauze munthu, ngakhale ba kapitao atawafunsa kawiri.

Ena amati tsiku limodzi silipha munthu, kaya, koma ine ndimakhulupirira kuti ndinawafupikitsira masiku. Anzanga a galainda, mkaka imwani chifukwa ndi wokoma. Koma kamakina kakalira, zimitsani mutuluke. Kanga kakalira lero, ndimayamba ndine kufika pakhomo.