Phazi la Amayi ndi Thumba la Maliro

Chizindikiro choyamba chinali kabala kakang'ono kunsi kwa chala chachikulu cha phazi lamanja. Amayi anali atabwera kuno ku Gaborone kuchokera ku Ntcheu kudzandithandiza chikuta, mwana wanga wachiwiri atabadwa. Iwo ankati ndi nsapato yatsopano imene yawaluma. Koma ndinkaonanso kuti akumwa madzi pafupipafupi, ndipo bulauzi imene anabwera nayo inayamba kuwakulira.

Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama pakampani ina. Za eni ake ndimasamala mpaka thebe yomaliza, kakobiri kakang'ono ka kuno, koma zanga zinali balala. Inshulansi ya chipatala ya kuntchito inali ya ine, amuna anga ndi ana basi. Amayi anali mlendo, ndipo mlendo kuno amalipira yekha. Zosunga zathu zonse zinali zitasanduka njerwa ndi malata a nyumba imene tikumanga ku Lilongwe. Choncho ndinati tidikire kutha kwa mwezi. Kwa milungu iwiri ndinkatsuka balalo ndi madzi amchere m'nyumba yathu ya lendi ku Tsholofelo, amayi akunditonthoza kuti, "Usavutike iwe, uli ndi khanda."

Lachitatu lina m'mawa ndinamva fungo pomasula bandeji. Chala chinali chitada bii, thupi likutentha, amayi akunjenjemera m'bulangete. Tinathamangira kuchipatala cholipira chimene chili pafupi nafe. Namwino anawabaya pachala cha dzanja, n'kuyang'ana kamakina, n'kupita kukaitana dokotala. Dokotalayo anali wa ku Chipata, ndipo ankalankhula Chinyanja chakwawo. Anati, "Shuga yakwera maningi, na chilonda chalowa mukati. Pofika pa Chisanu tikapanda kuchita opaleshoni, tizadula mwendo, osati chala chabe."

Ku ofesi yolipirira anandiuza kuti ndipereke kaye dipoziti. Ndalamayo inali yoposa malipiro anga a miyezi iwiri.

Ife Amalawi a kuno tili ndi gulu, ndipo gululo lili ndi thumba lotumizira maliro kumudzi. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali ndikusonkha osaphonya mwezi, pakuti palibe chimene timaopa kuposa kuikidwa kuchilendo. Lachinayi m'mawa ndinapita kudera lotchedwa Village kwa abambo Gondwe, mlembi wa gululo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mayi, ndikumva chisoni, koma malamulo athu amati ndalama imatuluka munthu akatisiya."

Ndinawafunsa ngati ndibwerenso amayi akamwalira. Sindinawakwiyire, chifukwa lamulolo nanenso ndinalikwezera dzanja. Bokosi ndi galimoto yonyamula mtembo tinaziganizira bwinobwino, koma za munthu wodwala palibe anatchulapo. Abambo Gondwe anandipatsa za m'thumba mwawo, n'kulemba uthenga kwa anzathu. Ena anatumiza kangachepe, koma sizinafike ngakhale theka.

Masana omwewo amuna anga anapita ndi galimoto yathu ku Mogoditshane, kumene kuli ogula magalimoto akale. Ogulawo munthu wa vuto amamudziwira pankhope, ndipo anawapatsa mtengo wachipongwe. Analandira, n'kubwera pa kombi, minibasi ya kuno. Tinalipira ofesi itatsala pang'ono kutsekedwa.

Lachisanu ndinakhala pabenchi panja pa chipinda cha opaleshoni maola atatu, mkaka ukutsikira m'diresi chifukwa khanda ndinali nditalisiya kwa aneba. Chitseko chikatseguka ndinkaimirira, n'kupeza kuti ndi wokolopa. Pomaliza dokotala anatuluka n'kunena kuti achotsa zala ziwiri, mwendo watsala. Ndinawafunsa kuti zikanatha bwanji tikanabwera mlungu woyamba. Anati akanangotsuka bala n'kupereka mankhwala a shuga.

Amayi anagonekedwa masiku khumi ndi awiri. M'mawa uliwonse ankawayeza shuga, kuwabaya jakisoni ndi kusintha bandeji, ndipo ine ndinkawerenga zonsezo podziwa kuti chilichonse chili ndi mtengo wake. Ngongole yotsalayo tinaimaliza patatha miyezi isanu ndi iwiri, ntchito ya nyumba ija itaima.

Pano amayi ali ku Ntcheu. Amayenda ndi ndodo, amamwa mankhwala tsiku lililonse, ndipo kudimba anayambiranso kupita. Ine ndinatsegula akaunti ya matenda yokha, imene ndimaikamo ndalama ndisanatumize ya simenti. Kugulu ndinavutitsa anthu mpaka tinayambitsa thumba lachiwiri, lothandizira odwala.

Inu amene mukuitanitsa makolo kuno, funsani za inshulansi yawo asanakwere basi, ndipo bala losapola musalidikiritse malipiro. Amayi amauza anthu kumudzi kuti mwana wawo anawapulumutsira mwendo. Ine sinditsutsa, koma ndikudziwa kuti zala ziwiri zija anaziluza chifukwa ndinkadikira kutha kwa mwezi.