Ndege ya Adada Inatera ku Zomba

Fungo la matabwa a paini likandipeza, kaya ndikudutsa pa akalipentala kaya pamene akukhoma denga, mtima wanga umabwerera m'bokosi lija. Linali bokosi lalikulu lomwe tinalongedzamo katundu pamene likulu la dziko linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Anzathu mabokosi awo anawasandutsa makola a nkhuku, ena anangowaza nkhuni. Adada lawo analiimika kuseri kwa nyumba yathu ku Area 4, pansi pa mtengo wa mango, n'kulisandutsa ndege.

Tinabwera atatu: adada, mlongo wawo amene ine ndinkawaitana kuti azakhali, ndi ine, kamtsikana ka Sitandade 2. Amayi anatsala ku Zomba. Ine anandiuza kuti akudikira kuti sukulu yomwe ankaphunzitsa ipeze wolowa m'malo mwawo. Koma mwana ali ndi makutu. Tsiku lina ndinamva azakhali akunong'oneza a Nachisale, mayi amene ankatibweretsera tomato ndi mpiru kuchokera kumudzi. "Anayambana," iwo anatero. "Mlamu anati sangasiye amayi ake okalamba n'kupita kukadya fumbi. Achimwene nawo, mtima wapachala, anati ukatsala utsaliretu. Tsopano aliyense akudikira kuti mnzake ayambe." Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzuka ndi mantha amodzi, akuti amayi sabweranso.

Inali nyengo yotentha, dzuwa lija lowotcha mapazi. Malole onyamula njerwa ndi mchenga ankalindima tsiku lonse kupita ku City Centre, kumene ankamanga maofesi atsopano. Fumbi lofiira linkalowa paliponse, m'mashiti, m'shuga, mpaka m'mano. Nyenje zinkalira mumtengo wa mango mpaka makutu kuwawa, ndipo maluwa a jakaranda ankathothokera mumsewu n'kumamata kuphazi. Ine ndinkadana nayo Lilongwe, sindibisa. Ndinkasowa mthunzi wa phiri la Zomba ndi madzi ake ozizira, ndipo mumzinda monsemo bokosi lija lokha ndilo linkanunkhira kwathu.

Adada, mwana wa ku Rumphi woleredwa pa mishoni, ankagwira ntchito mu ofesi yoona zanyengo pa bwalo la ndege lakale, ndipo ankapalasa njinga kudutsa Area 9 popita kumeneko. Sanali woyendetsa ndege ayi. Kungoti oyendetsa tindege ting'onoting'ono ankawakonda, ndipo nthawi zina ankawatenga n'kuwakhazika pambali pawo. Munthu uja ankaona ndi maso n'kusunga zonse m'mutu. M'bokosi muja anakhomamo zivindikiro za zitini, n'kujambulapo manambala ndi inki, mivi yake ya waya. Mpini wa khasu unali chiwongolero. Mapedulo a njinga yakutha anali opondera, nsungwi ziwiri zinali mapiko, ndipo mkono wa malaya akale wopachikidwa pa mtengo unkasonyeza kumene mphepo ikulowera.

Ulendo unkakhalako Loweruka masana, ndipo unali ndi mwambo wake wosaphonya. Adada ankasamba m'manja, kuvala malaya oyera, kumanga tayi, kutentha konse kuja. Kenako ankazungulira bokosilo pang'onopang'ono, akugwedeza nsungwi iliyonse, akugwada kusuzumira pansi ngati pali chodontha. Ankayang'ana kumwamba nthawi yaitali, n'kuyang'ana mkono wa malaya uja. Akatero ankandikweza kumbuyo kwawo, kundimanga lamba wa thalauza m'chiuno, ndi kundipatsa mtedza wokazinga m'kapepala. Pemphero linali lalifupi, la Chitumbuka. Pomaliza ankasuzumira kunja n'kunena mwamphamvu kuti, "Chokani kutsogolo," ngakhale kutsogoloko kunkakhala nkhuku za eni ake basi.

Injini inali makina osokera a azakhali. Iwo ankakhala pakhonde lakuseri, akung'ung'udza kuti munthu wamkulu, wa tayi, wophunzira, akusewera ngati mwana wosavala. "Ine ndikusoka zanga, musandiwerengere m'misala yanuyo," ankatero. Koma zosoka zonse za mlunguwo ankazisungira Loweruka masana, ndipo adada akakweza chala, phazi la azakhali linkayamba kuponda. Makina akayamba kulira, adada ankasintha nkhope. Munthu wokwiya msanga uja ankasanduka wofatsa, dzanja lili phee pa mpini, maso akuyendera zivindikiro chimodzichimodzi. Ndinkawayang'ana pakhosi thukuta likutsika m'kolala, n'kumaganiza kuti palibe mwana wina m'Lilongwe monse amene ali ndi bambo wotere.

Ana a m'nyumba zoyandikana ankakwera pa mpanda kudzaseka. A Nachisale anawapeza tsiku lina ali m'bokosi, n'kutula dengu lawo pansi, kugwira pakamwa. "Achimwene anuwa, mutuwu uli bwinobwino?" anafunsa azakhali. Adada sanatembenuke n'komwe. Ngakhale mkulu wa mpingo atabwera ulendo wina, anakhala pa mpando padzuwa kudikira kuti titere, chifukwa munthu satsika ndege ili m'mwamba. Inenso ndinkadziwa kuti kuchimbudzi n'kupitiratu tisananyamuke.

Malamulo awiri ndiwo anali aakulu. Loyamba linali lakuti injini ikazima, palibe kukambirana, utere pamalo apafupi. Lachiwiri linali lakuti ndege imakhala pomwe yatera, ndipo ulendo wotsatira uyambire pomwepo. Tsiku lina singano ya azakhali inathyoka tili pamwamba pa Dedza. Adada anatitsitsa bwinobwino pa bwalo la mpira, ndipo mlungu wonsewo ankanena kuti ndege yawo ili ku Dedza. Loweruka lotsatira sananyamuke mpaka atakoka bokosilo pang'ono kuti liyang'ane kumene mphepo ya ku Dedza imachokera.

Ulendo wathu unali umodzi wokha, wa ku Zomba. Adada ankatchula malo tikamadutsa, mapu ali pa ntchafu. Apo phiri la Dedza, tilisiye kudzanja ili. Apo Ntcheu. Uwo ndi mtsinje wa Shire, taona mlatho wa pa Liwonde. Ine ndinkatseka maso n'kuziona zonse, mpaka pa Domasi, pafupi ndi Zomba. Koma nthawi zonse, tikayandikira, adada ankasuzumira kunja, n'kupukusa mutu. "Nkhungu yaphimba phiri," ankatero. "Sitingatere lero." Ankapendeketsa mpini, n'kutembenuza ndege kubwerera ku Lilongwe. Ine ndinkameza misozi pamodzi ndi mtedza, koma sindinkawakayikira. Iwo ndiwo anali odziwa zanyengo.

Loweruka lina mitambo inayamba kusonkhana chakumadzulo, mpweya uli wolemera, mvula yoyamba ikununkhira patali. M'mawa wa tsikulo azakhali anandipeza ndikununkhiza mpango wa amayi womwe ndinabisa pansi pa pilo, n'kungondiyang'ana, n'kutuluka. Masana tinanyamuka monga mwa nthawi zonse. Tinadutsa Dedza, Ntcheu, Liwonde. Adada anasuzumira kunja, n'kutsegula pakamwa kuti anene za nkhungu ija. Pomwepo makina anangoti zii.

"Injini," anatero adada osatembenuka.

"Ulusi watha," anayankha azakhali.

"Ikanimo wina msanga."

"Ndati watha, achimwene. Mulibe wina m'nyumba muno."

Kunangotsala kulira kwa nyenje. Ndinaona dzanja la adada litagwira mpini mpaka mitsempha kutuluka. Akanatha kudzuka n'kunena kuti masewera atha, poti linali bokosi chabe pansi pa mtengo wa mango. Koma adada sanaswepo lamulo la m'ndege yawo ngakhale kamodzi. Anapumira m'mwamba, n'kundiuza kuti ndigwiritse lamba. Anakankha mpini pang'onopang'ono, akupinda mivi ya waya ija ndi chala, akuyankhula okha motsitsa mawu, mapazi akusinthana pa mapedulo. Kenako anakoka mpiniwo pang'ono, n'kugwedeza bokosi lonse ndi thupi lawo. "Tatera ku Zomba," anatero. Anakhala momwemo nthawi yaitali osatsika, ali ndwii pa zivindikiro zija, mpaka madontho oyamba a mvula anayamba kugwa pa mapu.

Lachisanu la mlungu wotsatira adada anabwera msanga kuchokera kuntchito, n'kupukuta nsapato zawo, n'kuika malaya awiri m'kachikwama. Azakhali atawafunsa kuti ulendo wa kuti, anayankha akuyang'ana kumbali. "Ndege yanga ili ku Zomba," anatero. "Siingabwere yokha." Ndinawaperekeza mpaka pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, ndipo anapitirira okha kukakwera basi.

Anabwera Lolemba madzulo, matope ali m'nsapato, ndipo kumbuyo kwawo kunali amayi, atasenza mtolo, atagwira dzanja la amayi awo okalamba aja. Ndinathamanga n'kugwa m'matope, n'kudzukanso. Amayi ankanunkhira sopo yemwe uja, ndipo ndinalira mpaka kusisima. Mawa lake amayi anapita kuseri kukaona bokosi lomwe anamva mbiri yake. Analizungulira, n'kugwira nsungwi imodzi, n'kuseka mpaka kugwira m'nthiti. Koma Loweruka lotsatira anakwera, ine ndili pamiyendo pawo, ndipo adada anatinyamula kuchokera ku Zomba n'kutitsitsa ku Lilongwe mofewa ngati akutula dzira.

Zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti tinachita mwayi, kuti ulusi unatha pa nthawi yake. Nditakula n'kuyamba kusoka pa makina omwe aja ndinapeza kuti m'kabati mwake munali modzaza ndi ulusi, monga momwe azakhali ankasungira moyo wawo wonse. Ndinadzadziwanso kuti nyengo yotentha, masana dzuwa lili pamutu, phiri la Zomba limaoneka mbee, ndipo munthu wa mu ofesi ya zanyengo sakanalephera kudziwa zimenezo. M'ndege yawo ija adada ankafika pakhomo pa amayi mlungu uliwonse, atavala tayi, n'kubwerera osagogoda. Kupepesa pamaso pa anthu sankakutha, koma lamulo lomwe anadziikira okha ankalimvera, ndipo mlongo wawo ankawadziwa bwino. Za ulusiwo sindinawafunsepo onse awiri, ndipo iwonso sanazitchulepo mpaka anatisiya.